Mwini Mlatho Ndiye Mwini Lamulo

Chaka chilichonse pa 25 Okutobala, mayiko a m'bungwe la SADC, kuphatikizapo lathu lino, amakumbukira tsiku lodzudzula ziletso za zachuma zomwe mayiko a azungu anaika pa Zimbabwe. Tsikuli analikhazikitsa atsogoleri a bungweli pa msonkhano wawo ku Dar es Salaam mu Ogasiti 2019. Likamayandikira, mkangano wake umafika mpaka m'magulu athu a pa WhatsApp, ndipo umatha chimodzimodzi nthawi zonse. Ena amati masankishoni ndi utsamunda wovala suti. Ena amati limenelo ndi bodza, ziletsozo zimangokhudza anthu ochepa akuba ndi opondereza anzawo. Kenako wina amaponya sitika yoseketsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Inenso ndakhala ndikukangana nawo, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti sindingathe kuyankha funso losavuta kwambiri. Kodi chiletso chimagwira ntchito bwanji? Boma la America likanena kuti pasapezeke wochita malonda ndi dziko lakutilakuti, n'chiyani chimachititsa kampani ya ku France, ya ku China kapena ya ku South Africa kumvera? Kampaniyo si ya ku America, eni ake savota kumeneko, ndipo wapolisi wa ku New York alibe mphamvu iliyonse mu Paris kapena mu Johannesburg. Nanga imaopa chiyani?

Nditawerenga milandu ingapo, maganizo anga ndi awa. Makampani akuluakulu a m'mayiko ambiri amamvera ziletso chifukwa ndalama zawo zimadutsa pa mlatho umodzi, ndipo mlathowo uli ndi mwini wake. Mphamvu imeneyi yagwirapo zigawenga zenizeni zovala mataye, ndipo sindizimvera chisoni. Koma ndi mphamvu ya boma limodzi, imalanga thumba la kampani m'malo mwa munthu amene analakwa, ndipo mantha omwe imadzetsa amagwera anthu omwe dzina lawo silili pa mndandanda uliwonse.

Pamene sitima zankhondo zinalephera

Tiyambe ndi nkhani ya pafupi, chifukwa imaonetsa momwe ziletso zimalepherera. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa. Britain inaletsa kugulitsa mafuta ku dzikolo, ndipo nduna yaikulu Harold Wilson inalonjeza mu Januwale 1966 kuti boma la Smith ligwa m'masabata owerengeka. Khonsolo yoona za chitetezo ya United Nations inaloleza Britain kugwiritsa ntchito mphamvu poletsa sitima za mafuta kufika pa doko la Beira, pomwe panayambira paipi yopita ku Umtali, komwe lero timati Mutare. Kuyambira 1966 mpaka 1975, sitima zankhondo za Britain zinkalondera panyanja pafupi ndi dokolo.

Galimoto za ku Salisbury sizinaime. Mafuta ankalowa kudzera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, komanso kudzera ku South Africa. Mu 1978, lipoti la loya Thomas Bingham, yemwe boma la Britain lenilenilo linamutuma kuti afufuze, linaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinali m'gulu la omwe ankafikitsa mafutawo, ndipo kuti panali dongosolo losinthana mafuta ndi kampani ya Total pofuna kubisa gwero lake. Nthawi imeneyo boma la Britain linali ndi gawo lalikulu la umwini wa BP. Palibe mkulu wa kampani ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu. Kumbali yake, America inakhazikitsa lamulo mu 1971 lolola kugula miyala ya chrome kuchokera ku Rhodesia, ngakhale kuti United Nations inali italetsa, ndipo lamulolo linakhalapo mpaka 1977. Smith anakhala pampando zaka zoposa khumi kuchokera pa lonjezo la Wilson lija.

Taonani zomwe zinalipo: chigamulo cha dziko lonse lapansi, chifukwa chomveka bwino, ndi sitima zokhala ndi mizinga. Chomwe chinasowa ndi boma lofunitsitsa kulanga makampani ake omwe. Kampani ya m'mayiko ambiri ili ngati mtengo wa nthambi zambiri wobzalidwa pamalire a minda. Mwini munda uno akadula nthambi yolowa kwake, zipatso zimagwera m'munda wa mnzake.

Mlatho wa dola

Chomwe chasintha kuyambira nthawi ya Smith ndi chakuti America inazindikira kuti kusaka katundu panyanja n'kutaya nthawi. Ndi bwino kudikirira ndalama yolipirira katunduyo.

Pa malonda khumi aliwonse osinthanitsa ndalama za mayiko, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala ndi dola ya America mbali imodzi. Mafuta, feteleza, tirigu, ngakhale fodya wathu pa okushoni, mitengo yake imatchulidwa m'madola. Chomwe ambirife sitiganizira n'chakuti dola ikamachoka ku banki ina kupita ku banki inzake, sikwera ndege. Banki ya ku Geneva ikafuna kulipira banki ya ku Dubai m'madola, iliyonse imakhala ndi akaunti ku banki ina ya ku America, kawirikawiri ku New York. Uthenga wolamula malipirowo umadutsa pa makina a SWIFT, omwe likulu lake lili ku Belgium, koma kuchotsa ndalama mu akaunti iyi n'kuika mu akaunti iyo kumachitikira ku America. Kwa kanthawi kochepa kwambiri, malonda a pakati pa anthu awiri omwe sanapondepo ku America amakhala ali pa nthaka ya America. Kanthawi kameneko n'kokwanira kuti lamulo la kumeneko liwagwire.

Yerekezani kuti midzi yonse ya m'boma lanu imagulitsa mbewu pa msika umodzi, ndipo njira yopita kumsikako imadutsa pa mlatho umodzi womangidwa m'dera la mfumu imodzi. Mfumuyo siyenera kutumiza anyamata ake m'midzi ya eni. Ingokhala pamlathopo n'kunena kuti aliyense wonyamula katundu wa banja lakuti sawolokanso. Oyendetsa ngolo okha ndi amene adzayamba kufunsa mwini thumba lililonse asanalikweze.

Mlonda wa pamlathowu ndi ofesi yotchedwa OFAC, ya mu unduna wa zachuma wa America. Inakhazikitsidwa mu 1950 pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, ndipo mphamvu zake zambiri masiku ano zimachokera ku lamulo la mu 1977 lopatsa pulezidenti ufulu woletsa malonda akalengeza kuti pali chiopsezo chochokera kunja. OFAC imasunga mndandanda wa mayina a anthu, makampani, mabanki ngakhale sitima zoletsedwa. Pali mfundo ziwiri zomwe zimausandutsa mndandandawu kukhala ukonde waukulu. Yoyamba ndi yakuti kampani iliyonse yomwe theka la umwini wake kapena kuposerapo lili m'manja mwa oletsedwa, nayonso ndi yoletsedwa, ngakhale dzina lake lisalembedwe. Yachiwiri ndi yakuti OFAC ikhoza kukulipiritsa chindapusa ngakhale utalakwa mosadziwa. Kusadziwa kumangochepetsa ndalamazo.

Zotsatira zake n'zakuti ntchito yeniyeni yolondera imagwiridwa ndi makampani eni ake. Banki iliyonse yaikulu ili ndi antchito ambirimbiri ndi makompyuta omwe ntchito yawo ndi kusefa dzina lililonse lodutsa. Boma la America silikuwalipira anthu amenewa, koma akugwira ntchito yake.

Banki ya ku France ndi mafuta a ku Sudan

Mlandu umene unandithandiza kumvetsa zonsezi ndi wa BNP Paribas, banki yaikulu kuposa zonse ku France. America inaika ziletso pa Sudan mu 1997, pa nthawi ya Bill Clinton, ponena kuti boma la Omar al-Bashir limathandiza zigawenga ndi kuphwanya ufulu wa anthu. Mu 2003 nkhondo ya ku Darfur inayamba. Midzi inatenthedwa, anthu miyandamiyanda anaphedwa, ndipo mamiliyoni anathawa kwawo. Amalawi dzina la al-Bashir timalikumbuka: anabwera kuno mu Okutobala 2011 ku msonkhano wa COMESA khoti la ICC likumufuna, ndipo chaka chotsatira msonkhano wa African Union unasamutsidwa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Addis Ababa boma la Joyce Banda litakana kumulandira.

Boma la Sudan linkadalira ndalama za mafuta, ndipo mafuta amagulitsidwa m'madola. Linkafunika wina woliwolotsa pa mlatho uja usiku. Nthambi ya BNP Paribas ya ku Geneva inagwira ntchito imeneyo. Njira zake zinali zosavuta kuzimvetsa. Pa mauthenga a malipiro opita ku New York, dzina la Sudan kapena la banki ya ku Sudan linkachotsedwa kuti makina osefa aja asalione. Nthawi zina ndalama zinkayamba zapita ku mabanki ena ang'onoang'ono a m'mayiko osaletsedwa, n'kugonako pang'ono, kenako n'kupitirira ngati za mabankiwo. Malinga ndi zomwe bankiyo inavomereza yokha m'khoti, inadutsitsa ndalama zoposa $8.8 biliyoni pakati pa 2004 ndi 2012 m'malo mwa oletsedwa: pafupifupi $6.4 biliyoni za Sudan, $1.7 biliyoni za Cuba ndi zoposa $650 miliyoni zokhudza Iran. Mkulu wina wa unduna wa zachilungamo ku America anati bankiyi inkagwira ntchito ngati banki yaikulu ya boma la Sudan.

Sikuti ankachita mosadziwa. Zikalata za m'bankimo zinaonetsa kuti antchito ena oona za kutsata malamulo anachenjeza mabwana awo, mpaka kutchula za Darfur. Malondawo anapitirira chifukwa anali a phindu.

Pa 30 Juni 2014, BNP Paribas inavomera mlandu ndi kulipira pafupifupi $8.9 biliyoni. Nthambi zake zina, makamaka zoona za ngongole za malonda a mafuta ndi gasi, zinaletsedwa kudutsitsa madola ku New York kwa chaka chimodzi kuyambira Januwale 2015, ndipo antchito 13 anachoka pa ntchito. Akuluakulu a ku France anakwiya. Mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo ananena kuti malondawo sanaphwanye malamulo a France kapena a European Union. Pulezidenti François Hollande anadandaula kwa Barack Obama, ndipo Obama anayankha kuti iye salowerera nkhani za m'makhoti. Bankiyo inalipira. Sinali ndi kolowera, chifukwa banki yaikulu yosaloledwa kugwira dola ili ngati minibasi yoletsedwa kulowa mu depoti.

Ndinene poyera: pa mlandu uwu ndili kumbali ya omwe analanga. Mnzanga wina anandiuza kuti kuvomereza zimenezi n'kuvomereza kuti America ikhale wapolisi wa dziko lonse. Ndinamufunsa kuti, America ikanapanda kutero, akanatero ndani? France sinaone cholakwa. Switzerland inachitapo kanthu mochedwa. Khartoum ndiye inali kasitomala. Ku Rhodesia tinaona zomwe zimachitika makampani akasiyidwa m'manja mwa maboma awo. Munthu amene amadana ndi zomwe Shell ndi BP zinachita m'zaka za m'ma 1970 sangasinthe nkhope n'kumvera chisoni BNP Paribas chifukwa choti woigwira anali Mmereka.

Koma mlathowu ndi wa munthu mmodzi

Vuto loyamba likuonekera mu mlandu womwewu. M'kati mwa $8.8 biliyoni muja muli ndalama za Cuba. Chiletso cha America pa Cuba chakhalapo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira 1992 msonkhano waukulu wa United Nations wakhala ukuvota pafupifupi chaka chilichonse, ndi mavoti ochuluka kwambiri, kuti chichotsedwe. Mlatho susiyanitsa pakati pa chiletso chomwe dziko lonse likugwirizana nacho ndi chomwe pafupifupi dziko lonse likuchikana. Chida chomwe chinalanga wothandiza al-Bashir ndi chomwechonso chikulanga wogulitsa katundu ku Havana.

Nkhani ya Iran inaonetsa izi mopanda chobisa. Mu 2015, Iran inasainirana pangano ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China loti ichepetse ntchito zake za nyukiliya kuti ziletso zichotsedwe. Makampani a ku Ulaya anathamangira ku Tehran. Pa 8 Meyi 2018, Donald Trump anatulutsa America m'panganolo ndi kubwezeretsa ziletso, kuphatikizapo zija zolanga kampani ya dziko lililonse yochita malonda ndi Iran ngakhale isakhudze dola. Uthenga wake unali woti sankhani, msika wa Iran kapena msika wa America. Maboma a ku Ulaya anati panganolo likadalipo. European Union inatsitsimutsa lamulo lake la mu 1996 loletsa makampani a ku Ulaya kumvera ziletso zoterezi. Makampaniwo anawerengera okha. Total inasiya ntchito yaikulu ya gasi ku South Pars, ndipo Siemens, Maersk ndi kampani yopanga galimoto za Peugeot nazonso zinalongedza. France, Germany ndi Britain zinakhazikitsa njira yawoyawo yolipirirana ndi Iran popanda dola, yotchedwa INSTEX, mu Januwale 2019. Malonda ake oyamba, a zipangizo zachipatala, anachitika patatha chaka chathunthu, ndipo mu 2023 anaitseka. Ngati mayiko olemera chonchi analephera kuteteza makampani awo ku chiganizo cha pulezidenti mmodzi, kuli bwanji ife?

Ndipo chomwe chili m'manja mwa pulezidenti mmodzi chikhoza kugulitsidwa pa msika wa ndale. Kampani ya ku China ya ZTE, yopanga mafoni ndi zipangizo za netiweki, inavomera mu 2017 kuti inkatumiza zipangizo za ku America ku Iran ndi North Korea. Mu Epulo 2018, unduna wa zamalonda wa America unapeza kuti kampaniyo inanama pa zomwe inalonjeza, ndipo unailetsa kugula zipangizo za ku America kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Apa mlatho sunali dola, unali tizipangizo ta m'kati mwa foni tomwe ZTE sikanatha kupeza kwina. Pasanathe mwezi, ntchito zake zikuluzikulu zinaima. Kenako Trump, ali pakati pa zokambirana zamalonda ndi Xi Jinping, analamula kuti kampaniyo ipezeredwe njira. Pofika mu Julayi chiletsocho chinachotsedwa ZTE italipira $1 biliyoni, kusungitsa zina $400 miliyoni ndi kusintha akuluakulu ake. Lamulo lomwe limakhwima kapena kufewa malinga ndi zomwe mafumu awiri akukambirana m'chipinda sitingalitche chilungamo cha dziko lonse.

Ndani amalipira, ndani amalandira

Vuto lachiwiri ndi mtundu wa chilango. $8.9 biliyoni ndi ndalama yoopsa kuimva, koma BNP Paribas inamaliza chaka cha 2014 ili ndi phindu, ngakhale lochepa, ndipo chaka chotsatira phindu lake linaposa mayuro 6 biliyoni. Palibe wantchito wa bankiyo amene anaimbidwa mlandu ku America pa nkhaniyi. Ndalamazo zinachokera m'thumba la kampani, kutanthauza eni masheya, pomwe anthu omwe ankafufuta mayina pa mauthenga aja ndi mabwana omwe ananyalanyaza machenjezo anapita kwawo.

Chindapusa chikakhala chotere chimasanduka mtengo wochitira bizinesi. Standard Chartered inalipira $667 miliyoni mu 2012 pa milandu ya ziletso, makamaka za Iran, kenako mu 2019 inalipiranso pafupifupi $1.1 biliyoni kwa akuluakulu a ku America ndi Britain. Mu 2023, British American Tobacco inavomera kulipira zoposa $600 miliyoni chifukwa chogulitsa fodya ku North Korea kudzera mwa kampani ina ya ku Singapore. Onsewa akadali pa msika.

Anthu amamangidwa ndithu, koma taonani omangidwawo. Mehmet Hakan Atilla, mkulu wa banki ya boma ya ku Turkey ya Halkbank, anagwidwa ku New York mu 2017 ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 32 pa mlandu wothandiza Iran kuzemba ziletso. Meng Wanzhou wa Huawei anagwidwa ku Vancouver pa 1 Disembala 2018 pa pempho la America, ndipo anakhala pa ukaidi wosachoka mumzindawo pafupifupi zaka zitatu. Sindikunena kuti awiriwa anali oyera. Ndikungofunsa chifukwa chomwe unyolo umakwanira dzanja la Mturkey ndi Mtchaina koma osakwanira la munthu wa ku Paris kapena Geneva amene anadutsitsa ndalama zambiri chonchija.

Nanga ndalamazo zinapita kuti? Zinagawidwa pakati pa boma la America ndi akuluakulu a ku New York, ndipo ofesi yoyang'anira mabanki ya New York yokha inalandira $2.24 biliyoni. Kumapeto kwa 2015, nyumba ya malamulo ya America inapatula gawo lina kuti lipepesere nzika zake zomwe zinavutika ndi zauchigawenga. Mayi wa ku Darfur amene mudzi wake unatenthedwa sanali pa mzere umenewo. Anthu a ku Sudan omwe anathawira ku America anachita kukasuma okha mu 2016, ndipo mpaka mu Okutobala 2025 m'pamene khoti la ku New York linagamula kuti atatu mwa iwo apatsidwe ndalama zoposa $20 miliyoni, chigamulo chomwe bankiyo inati ikachita apilo. Mlandu suwola, n'zoona, koma zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri kwa munthu amene mavuto ake ndiwo anatchulidwa polungamitsa chindapusa chija.

Mantha a woyendetsa ngolo

Vuto lachitatu ndi limene limatikhudza ife a kuno, ndipo ndi lomwe mbali zonse ziwiri za mkangano wa pa WhatsApp uja zimaliphonya.

Mu Febuluwale 2016, Barclays inalipira OFAC pafupifupi $2.5 miliyoni chifukwa cha malipiro 159 omwe inadutsitsa m'malo mwa makasitomala a nthambi yake ya ku Zimbabwe, nthambi yomwe chaka chotsatira inagulidwa ndi gulu la FMB lomwe linayambira kuno ku Malawi. Makasitomalawo sanali pa mndandanda. Anali makampani omwe theka la umwini wawo kapena kuposerapo linali la Industrial Development Corporation of Zimbabwe, yomwe inali pa mndandanda. Mfundo ya theka ija inagwira ntchito.

Tsopano dziikeni m'malo mwa mkulu wa banki ku London kapena ku New York. Banki ina ya ku Harare ikufuna kusunga akaunti ya madola kwa inu. Phindu lomwe mupezepo pa chaka ndi lochepa. Kuti mutsimikize kuti palibe kasitomala wake aliyense amene ali ndi mwini wobisika woletsedwa, mufunika kulemba ntchito anthu ofufuza. Mukaphonya mmodzi, mwaona zomwe zinagwera anzanu. Chanzeru kwa inu n'kutseka akauntiyo. Lamulo silinakuuzeni kuti mutseke, koma masamu akuuzani.

N'chifukwa chake onse awiri okangana aja akunena zoona pang'ono. N'zoona kuti pa pepala ziletso za America pa Zimbabwe zinkatchula anthu ndi makampani owerengeka, ndipo mu Malichi 2024 Joe Biden anathetsa dongosolo lakalelo n'kusiya anthu 11 ndi makampani atatu, kuphatikizapo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa, pansi pa lamulo lina. N'zoonanso kuti wamalonda wamba wa ku Bulawayo amavutika kulipira katundu kunja chifukwa mabanki akunja amaona dzina la dziko lake ngati chenjezo. Ndipo boma la Harare lagwiritsa ntchito mawu oti masankishoni ngati bulangete lofunditsa katangale ndi kusayendetsa bwino chuma. Zonse zitatuzi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Ku Iran zotsatira za mantha amenewa zinafika m'zipatala. Malamulo a America amalola kugulitsa mankhwala ndi chakudya ku dzikolo, koma mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linaonetsa kuti odwala ena ankasowa mankhwala ofunika chifukwa mabanki ankakana kudutsitsa malipiro ngakhale ololedwawo. Chilolezo chili pa pepala, koma woyendetsa ngolo akuopa kukweza thumba lililonse lochokera m'mudzi umenewo. Palibe amene amalipitsidwa chindapusa chifukwa chokana kasitomala wosalakwa. Chilango chili mbali imodzi yokha, ndiye aliyense amathawira mbali inayo.

Chomwe ndikufuna

Sindili m'gulu la ofuna kuti ziletso zitheretu. Dziko likakhala ndi mtsogoleri wopha anthu ake, njira zomwe zilipo ndi zochepa: kungolankhula, kutumiza asilikali, kapena kumuuma thumba. Pa zitatuzi, yachitatu ndi yomwe ndingasankhe kawirikawiri. Sindikhulupiriranso kuti ndalama ina ikalowa m'malo mwa dola ndiye kuti mavuto atha. Mlatho ukasamukira ku Beijing udzakhalabe ndi mwini wake, ndipo sindikuona chifukwa choganizira kuti mwini watsopanoyo adzakhala wachifundo kuposa wakaleyu.

Zomwe ndikufuna ndi zinthu zotheka. Chilango chizifika pa munthu amene anasaina, kaya ndi wa dziko liti, chifukwa bwana amene akudziwa kuti akhoza kugona m'ndende amaganiza mosiyana ndi amene akudziwa kuti kampani idzamulipirira. Gawo la chindapusa lizipita kwa anthu omwe anavulazidwa, ndipo zimenezi zizilembedwa m'chigamulo momwemo. Njira za mankhwala, chakudya ndi ndalama zotumiza kwa abale zizikhala ndi chitetezo chomwe banki ingachikhulupirire. Apa pali poyambira, chifukwa mu Disembala 2022 khonsolo ya chitetezo ya United Nations inavomereza chigamulo nambala 2664 chopatula ntchito zothandiza anthu ovutika ku ziletso zake zotsekereza chuma. Ndipo maboma athu, m'malo mongoguba pa 25 Okutobala, alimbitse mabanki athu ndi kaundula woonetsa eni ake enieni a makampani, kuti banki yakunja isakhale ndi chifukwa chotiika tonse m'thumba limodzi.

Kwa ife ophunzira, pempho langa ndi laling'ono. Ambiri mwa ife tidzagwira ntchito m'mabanki, m'mabungwe othandiza anthu, m'maofesi a boma kapena m'makampani oitanitsa katundu kunja. Tsiku lina malipiro adzakanidwa popanda chifukwa chomveka, kapena fomu idzatifunsa mwini wake weniweni wa kampani yomwe tikuchita nayo malonda. Tidzakhala titafika pa mlatho uja. Dziko lathu silili pa mndandanda wa ziletso, koma mafuta athu, feteleza wathu ndi mankhwala athu zimalipiridwa kudzera pomwepo, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nthawi ina mkangano uja ukadzabukanso, tisadzafunse kokha ngati masankishoni ndi abwino kapena oipa. Tidzafunsenso kuti analamula ndani, akulondera ndani, walipira ndani, ndipo ndalamazo zapita kwa yani.